Manja Otentha pa Chipsera

Lolemba, 15 Julayi

Ndabwereranso mu wodi ya opsa ndi moto, yomwe ndinatulukamo mu Juni. Bedi ndi lina, la pawindo, koma fungo ndi lomwe lija. Kope ili ndinagula kuti ndizilembamo mapulani a masamu a Fomu 4. Liyambe lasunga za mkono.

Pa 9 Meyi magetsi atazima kwathu ku Bangwe, bulauzi yanga inagwira moto wa kandulo. Ndinapsa phewa la kumanja ndi m'khwapa. Anasenda khungu pantchafu n'kulimata pamenepo, ndipo linagwira bwino. Koma m'masabata asanu omwe ndakhala kunyumba chipsera chauma n'kukoka. M'khwapa mwamera ngati chingwe chomangirira mkono kunthiti, ndipo pamene khungu limapindika pang'ambika kachilonda.

Andiyeza ndi chida chofanana ndi chomwe ndimaphunzitsira ngodya m'kalasi. Mkono ukukwera madigiri 70 basi. Adokotala ati pa 5 Ogasiti adzayezanso. Ukadzafika 110 nditsala ndi fiziyo, ya kutikita ndi kutambasula mkono. Ukadzalephera ndibwerera ku fiyeta, adule chingwecho, asende ntchafu inayi. Ndiye kuti teremu ya Sepitembala yandidutsa.

Gadiyani wanga ndi azakhali Petronela, alongo awo a malemu bambo anga. Ndi amene anandilera. Anachoka ku Nsanje tsiku lomwe anamva za motowo ndipo sanabwerereko. M'mawa uliwonse amandimanga mpango kumutu, chifukwa dzanja langa silifikako.

Lachiwiri, 16 Julayi

70.

Wa fiziyo ndi mayi wamfupi, wolankhula mofulumira, dzina lake Hafsah. Ndilembe zomwe achita kuti ndisaiwale.

Asamba m'manja. Atapa vaselini pang'ono, kuchepera njere ya nyemba. Chala chachikulu achiika pachipsera n'kukanikiza mpaka khungu latuwa pansi pake. Kenako akuzunguliza pang'onopang'ono, koma chala sichitsetsereka pamwamba, chimasuntha khungu lenilenilo. Akatero amatsata chingwe chija m'litali, kenako mopingasa, pomaliza amachitsina n'kuchinyamula ngati akuchichotsa panyama ya pansi. Pozungulira kachilonda amasiya mpata wa zala ziwiri. Mphindi khumi, katatu patsiku. Akamaliza amatambasula mkono mpaka pamene ndayamba kuluma mano, n'kuugwira pomwepo ndikuwerenga mpaka 30.

Zimawawa. Sindinalire.

"Kunyumba amakutikitani ndani?" anafunsa.

"Ndimamudzoza ine, m'mawa ndi madzulo," anayankha azakhali.

"Kudzoza ndi kwina, mayi. Apa tikufuna kutikita."

Azakhali anayang'anitsitsa zala za a Hafsah. "Pepanitu, kodi inu muli pabanja?"

"Ana atatu. Bwanji, mwandipezera wina?"

Wodi yonse inaseka. Azakhali sanaseke. Ine ndinadziwa chomwe amafunsira, ndinangoyang'ana kudenga.

Lachitatu, 17 Julayi

74.

Andimangirira chochirikiza mkono, chapulasitiki, chouimika m'mbali ngati phiko. Ndizichivula pa fiziyo ndi posamba pokha. A Filomena a pabedi loyandikana nalo, ogulitsa tchipisi ku Ndirande omwe anakhuthukiridwa mafuta m'miyendo, andipatsa kale dzina.

"Aphunzitsi Ndege, mukamanyamuka mundiuze. Munditsitse pa Ginnery Corner."

Masana anabwera amuna anga, a Malizani, ali ndi ovolosi ya kushedi komwe amawotcherera zitsulo. Anabweretsa nthochi ndi bokosi la choko lomwe ndinawatuma. A Hafsah akufuna ndiziyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba, ndiye ndizichonga pomwe ndafika. Anaima kumiyendo kwa bedi, manja kumbuyo, ngati mwana wa sukulu ali mu ofesi ya ahedi.

Chiyambire Meyi sanandikhudze. Azakhali anaika lamulo tsiku lomwe anafika: chilonda sichigwiridwa ndi munthu wotentha. Wotentha ndi amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi masiku omwewo. Akagwira, akuti chilonda chimafiira, chimayabwa, chimatupa, sichipola. Kunyumba anawasamutsira a Malizani pabalaza. Iwo sanatsutse. Inenso sindinatsutse.

Lachisanu, 19 Julayi

82! Ndachonga pakhoma, mzere wachitatu. Woyeretsa wandiyang'ana ndi diso loipa koma sanafufute.

A Hafsah sagwira ntchito Loweruka ndi Lamulungu. Ati gadiyani aphunzire. Anagwira chala cha azakhali n'kuchiika pachipsera.

"Kanikizani. Kanikizanibe, mayi. Chituwe."

Sichinatuwe. Zala za azakhali zinapindika ndi nyamakazi kalekale, ngakhale botolo satsegula okha. Ndinayesa ndi dzanja langa lamanzere, koma limangofika kutsogolo. Kuseri kwa khwapa, komwe chingwe chalimba kwambiri, silifikako.

"Bambo aja a ovolosi si amuna anu? Zala zimene zija ndi zomwe ndikufuna."

Ndinatsegula pakamwa. Azakhali anandiyankhira. "Amatanganidwa."

"Eya, amatanganidwa," ndinatero ine.

Loweruka, 20 Julayi

Chiperoni. Chipsera chikukoka ngati chikopa chouma. Azakhali andidzoza katatu, mofatsa, akung'ung'udza nyimbo ya Maria.

Kuyabwa koopsa. Iwo akuti ndi manja a mayi wa ana atatu uja.

Lamulungu, 21 Julayi

Anabwera amayi a mumphakati wathu wa tchalitchi, asanu. Mpunga, nkhuku, botolo la thobwa. Anapemphera, anagawirako a Filomena, omwe anati akachira alowa Chikatolika chifukwa cha nkhukuyo.

Pakhoma sindinafike pa mzere wa Lachisanu.

Lolemba, 22 Julayi

73.

Madigiri asanu ndi anayi apita m'masiku awiri. A Hafsah anayeza kawiri. Sanakalipe. Anakhala pamphepete pa bedi, azakhali atapita kokaphika kukhitchini ya magadiyani.

"A Anjelina, ine ndimakugwirani kamodzi, mwina kawiri patsiku, masiku asanu. Chipsera chimakoka tsiku lililonse, sichidziwa wikendi. Mukatuluka muno muzitikita chaka chathunthu. Ngati kunyumba kulibe chala, ndiuzeni lero, ndikawauze adokotala tisataye nthawi."

Ndinawafotokozera za lamulo la azakhali. Ndinkayembekeza kuti aseka.

"Kwathu ku Mangochi ziliponso," anatero. "Ine sinditsutsana ndi azakhali a munthu. Koma mkono ndi wanu."

Ndinakhala zaka zinayi ku yunivesite. Ndimaima pamaso pa ana makumi asanu ndi awiri n'kuwauza kuti asavomereze yankho lopanda umboni. Ndikudziwa bwino lomwe kuti chipsera chimafiira chifukwa magazi athamangirako. Koma kuti ndinene chiganizo chimodzi kwa mayi amene anagulitsa mbuzi zake kuti ndipite ku sekondale, lilime limauma. Mwina maphunziro anga anangokhala m'makope.

Lachiwiri, 23 Julayi

77.

A Filomena anamva zonse dzulo. Mu wodi mulibe chinsinsi, makatani ndi nsalu chabe.

"Aphunzitsi, ndifunse ngati mbuli. Inu muli muno. Bambowo amagona okha kuyambira Meyi. Ndiye atentha ndi chiyani, mbaula?"

Ndinati azakhali amati mwamuna ali yekha palibe angamuikire umboni.

"Ehe. Ndiye azakhaliwo akuwanena kuti ndi oyendayenda. Nanga eni akewo bwanji sakukana? Wanga uja mutamunena choncho akhoza kugubuduza bedi ili." Anatafuna nthochi yanga. "Kapena akudzidziwa."

Anaseka, ine ndinasekanso. Koma mawuwo anakhala. Anavomera msanga chifukwa chiyani? Mwina alidi ndi wina. Mwina, ndipo ichi ndi chomwe ndimaopa kwambiri, lamulo la azakhali linawapulumutsa kuti asagwire chinthu chonyansa. Ndinachiona pagalasi la kubafa. Chofiirira, chonyezimira, cha timabowo ngati ukonde.

Lachitatu, 24 Julayi

80.

Masana ndinawapempha a Malizani kuti andiperekeze kukawothera dzuwa kuseri kwa wodi. Azakhali anali kochapa. Ndinali nditakonza mawu kusanache, ndinawaiwala onse.

"Chimakunyansani?"

"Chiyani?"

"Ichi."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Anje, ndi ine ndinazimitsa moto uja ndi bulangete. Ndinakuonani khungu likulendewera. Lero chindinyanse chitapola?"

"Nanga bwanji simunawatsutse azakhali?"

"Inu munawatsutsa?"

Ndinayang'ana pansi, iwo anapitiriza.

"Ndi azakhali anu. Ine ndi mkamwini. Ndinkadikira kuti inu munene, ndinaona simukunena, ndinati basi nawonso amakhulupirira." Anatola kamwala n'kukaponya. "Komanso ndinawerengera. Ndikagwira, chifiira, chifukwa chimafiira. Azakhali anena kuti mwaona. Inu mundiyang'ana. Ndiye ndidzayankha chiyani, poti mboni ndi chipsera?"

Sindinawafunse ngati ali ndi wina. Ndinapeza kuti funsolo silinali langa, linali la a Filomena.

Kenako anapinda mkono wa ovolosi. Ali ndi chipsera chakale cha chitsulo chamoto pamwamba pa dzanja. Chinali chonyezimira ndi mafuta.

"Ndimaonera pawindo mayi uja akamakutikitani madzulo. Ndimakayeserera apa. Kuzunguliza ndakutha. Kutsina kuja ndiye kukundivuta."

Ndinayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga.

Lachinayi, 25 Julayi

83. Ndawauza a Hafsah kuti mawa masana kubwera wophunzira. Azakhali sindinawauze. Ndayesa katatu.

Lachisanu, 26 Julayi

85.

Ndilemba zonse.

A Malizani anafika atasamba, atavala shati ya kutchalitchi. A Hafsah anawapatsa sopo, anakoka katani. Azakhali analowa ndi mbale ya chakudya n'kupeza phewa langa lili pamtunda, a Malizani akutapa vaselini.

Anaika mbale pansi bwinobwino.

"Chikuchitika n'chiyani, Anje?"

"Akuphunzira kutikita."

Anawayang'ana a Malizani kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Chabwino. Ine ndine mbuli ya ku Nsanje. Agwire. Chilonda sichinama. Mawa tidzaona chomwe chinene, onse ali muno adzakhala mboni."

A Malizani anabweza dzanja. Ndinaliona likubwerera, mafuta ali pachala. Kuseri kwa katani wodi yonse inatchera khutu.

Sindikudziwa mawu anachokera kuti. Anatuluka aang'ono, ngati a mwana.

"Azakhali, chifiira. Ndikukuuziranitu. Chifiira lero, chiyabwa mawa, monga chimachitira akagwira a Hafsah, monga chimachitira ndikagwira ndekha. Chipsera changa si bwalo la milandu. Amuna anga sakuzengedwa pano. Ndikufuna mkono wanga."

"Ukundiyankha ine?"

"Eya, azakhali. Pepani." Ndinatembenuka. "A Malizani, gwirani."

Anagwira. Chala chawo ndi cholemera, chofunda. Khungu linatuwa nthawi yomweyo.

"Ehee, chimenecho!" anatero a Hafsah. "Koma si geti iyi, bambo, chepetsani pang'ono."

Azakhali anatuluka. Kuseri kwa katani ndinamva a Filomena akuti, "Ndege yanyamuka."

Anaphunzira mphindi makumi awiri. Kutsina kunatheka kachitatu. Chinafiira. Ndinayang'ana wotchi: kufiirako kunatha patapita mphindi 18.

Ndakhala ndikubwereza mawu anga m'mutu. Mwina ndinawanyoza pagulu. Mwina panali njira yofatsa. Koma ndikafika pa "gwirani", ndimapeza ndikumwetulira ndekha.

Loweruka, 27 Julayi

A Malizani atseka shedi, abwera katatu. Azakhali andimanga mpango osalankhula, mfundo yothina kuposa masiku onse. Chakudya amangoika palokala. Amuna anga akalowa, iwo amatuluka.

Pakhoma ndadutsa mzere wa dzulo ndi chala chimodzi. Loweruka!

Lamulungu, 28 Julayi

Atabwera ku Misa ya m'chipatala, azakhali anakhala pampando n'kuyamba kulankhula akuyang'ana kolona m'manja mwawo.

"Bambo ako kanali kachilonda ka paphazi, kochepa kuposa kako. Aliyense ankangogwira. Mwezi wachitatu phazi linada. Ndinawasambitsa ndine. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi."

Ndikudziwa tsopano kuti bambo anali ndi matenda a shuga. Ndinaona kabuku kawo ka kuchipatala ndili ku koleji. Ndinafuna kunena. Sindinanene, ndipo ulendo uno sikunali kuopa. Ndinangoika dzanja langa lamanzere pa zala zawo zopindikazo.

"Sindikufa, azakhali."

"Nawonso ankatero."

Koma madzulo a Malizani atalowa, azakhali sanatuluke. Anakhala chakumbali, nkhope kuwindo.

Lolemba, 29 Julayi

94.

A Hafsah anayeza, anayang'ana chida chawo, anayezanso. "Wikendi yakwera m'malo motsika. Bambo aja muwauze akatopa ndi zitsulo adzandifunse ntchito."

Kachilonda ka popindika kauma. Achotsa bandeji.

Lachitatu, 31 Julayi

98, koma lero linali tsiku loipa, kenako labwino.

M'mawa azakhali akundisambitsa anaima mwadzidzidzi. Kuseri kwa phewa kwatuluka thuza, lalikulu ngati njere ya chimanga, pomwe a Malizani anatikita dzulo madzulo. Mtima unagwa. Osati chifukwa cha thuzalo. Ndinadziwa kuti mboni ija yalankhula zomwe azakhali ankadikira.

Azakhali anamaliza kundisambitsa. Anandiveka, anandimanga mpango.

A Hafsah anati khungu lomata ndi lopyapyala, lakhukhuzika. Pamenepo pasagwiridwe masiku atatu, kwina konse tipitirize.

Masana a Malizani atamva, nkhope inagwa. Anaima kumiyendo kwa bedi, manja kumbuyo, malo awo akale aja. Azakhali anadzuka pampando. Ndinakonzeka kuyankhanso, ngakhale mphamvu ndinalibe.

"Bweretsani dzanja."

A Malizani anandiyang'ana, kenako anapereka. Azakhali anatembenuza chikhatho, anayendetsa chala chawo pa chala chachikulu chija, pomwe khungu linakhakhala ndi zitsulo.

"Ichi ndi chala kapena tupa? Mwana wanga mukumupala ngati chitseko."

Anafufuza m'chikwama chawo n'kutulutsa mwala wawo wokwechera zidendene, womwe anachoka nawo ku Nsanje ndipo sabwereketsa munthu.

"Mukaviike m'madzi ofunda, mukweche mpaka chisalale. Mukabwerenso nacho chonchi ndikubwezani pakhomo."

"Zikomo, azakhali."

"Musandithokoze. Zinazo adziwa ndi Mulungu. Ine ndaona chala."

A Filomena anadziphimba bulangete kumutu, bedi lonse likugwedezeka.

Lachisanu, 2 Ogasiti

104.

Chala cha a Malizani chasalala ngati cha kalaliki wa mu ofesi. Akuti anzawo kushedi akuwaseka, ati ayamba kudzola.

Ntchito yagawika yokha. A Malizani amatikita. Potambasula, azakhali amagwira chigongono ndi manja awiri, poti pamenepo sipafuna zala, n'kumawerenga mpaka 30 m'Chisena, mochedwa dala. Ndikadandaula amati, "Unafuna mkono."

Loweruka, 3 Ogasiti

Thuza laphwa. Ndatopa. Mizere pakhoma yakwana khumi ndi isanu.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Mantha. Ndawerengera: kuyambira Lolemba ndimakwera madigiri awiri ndi theka patsiku. Kuchoka pa 104, masiku atatu, ndiye 111 ndi theka. Koma thupi si masamu. Ntchafu yamanzere ndimangoisisita, ngati ndikuitsanzika.

Lolemba, 5 Ogasiti

Adokotala anafika mochedwa, ali ndi ophunzira anayi. Anawerenga fayilo, anatsina chingwe cha m'khwapa, n'kuuza ophunzirawo kuti aliyense agwire amve kufewa kwake. Manja anayi achilendo. Ndinayang'ana azakhali. Anatseka maso, milomo ikuyenda.

A Hafsah anaika chida paphewa. "Kwezani nokha. Musapendeke, ndikukuonani."

Ndinakweza. Pa 100 chinayamba kukoka. Ndinayang'ana mzere wapamwamba pakhoma n'kupitirira.

113.

Adokotala anati fiyeta ayiimika. Ndipitirize kutikita katatu patsiku, chochirikiza ndizigona nacho, ndizibwera ku fiziyo Lachiwiri lililonse, adzandionanso pakatha miyezi itatu. Anafunsa kuti akutikita ndani. A Malizani anali pakhomo. Anayankha azakhali.

"Mkamwini wanga."

Nditsala ndi ntchito. Pamwamba pa bolodi, pomwe ndimalemba deti, pakufunika mwina 140. Mu Sepitembala ndiyambira pakati pa bolodi, ana azolowera.

Mawa ndikutuluka. A Filomena atenga nthochi zotsala ndi theka la choko, akuti azichonga masitepe awo. Woyeretsa wati mizere yanga aifufuta Lachitatu, osati lero.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Katundu wamangidwa. A Malizani apita kukasaka galimoto. Mwala uja azakhali ati ukhale ku Bangwe.

M'mawa anatenga mpango monga mwa masiku onse. Ndinati andipatse. Ndinakweza manja onse awiri, ndinazunguliza, ndinamanga mfundo kumbuyo. Zinanditengera nthawi, m'khwapa mukuyaka.

Wapendekeka, khutu limodzi lili panja. Azakhali anatambasula dzanja kuti aukonze.

"Usiyeni, azakhali."

Anausiya.